Mzere Wapakati pa Bwalo la Abulu

A Ozell Maddox anajambula mizere pabwalo la mpira wachimereka, uja wogundana ndi kukankhana, la koleji yathu ya Ellaway, kuno ku Alabama, kwa zaka 41, ndipo zaka zonsezo palibe amene anawaonapo atavala nsapato zopanda madontho a penti yoyera. Kutchalitchi, madontho. Kumaliro, madontho. Tsiku la ukwati wawo akuti mayi Vernice anayang'ana pansi, anaona nsapato za mkwati, nkupumira m'mwamba. "Pitirizani abusa, ndaziona kale."

Anali munthu wamtali, wowonda, wopindika msana ngati akufunafuna singano mu udzu. Kuyenda kwawo kunali kwa mizere basi. Akafuna kuwoloka msewu sankadula mopingasa ngati ife tonse, ayi. Ankafika pangodya, nkuima, nkutembenuka thupi lonse, kenako nkuwoloka. Mawu awo ankakwana m'thumba la malaya: "Eee." "Ayi." "Tiona."

Timu yathu ndi Abulu. Sekani, ife tinazolowera. Ndipo mwana akabadwa ku Ellaway anthu amafunsa zinthu ziwiri, dzina lake, ndiponso ngati ali wa Ledbetter kapena wa Trulock. Awa ndi makochi awiri amene anaphunzitsa Abulu, wina pambuyo pa mnzake, ndipo onse anamwalira kalekale. Coy Ledbetter anali nyalugwe wovala chipewa. Anatibweretsera zikho zitatu, ndipo kwa zaka zisanu ndi zinayi palibe mlendo anapambana pabwalo lathu. Amos Trulock anali wofatsa, wa magalasi, woyankhula ngati akuwerenga kalata ya chipepeso. Chikho anabweretsa chimodzi chokha, koma mnyamata aliyense amene anadutsa m'manja mwake anamaliza sukulu ndi mano ake onse.

Mkangano wa kuti wamkulu ndani umaphikidwa m'mawa uliwonse pamalo odyera a mayi Lurleen, pamodzi ndi mazira ndi nyama yankhumba. Mtsogoleri wa a Ledbetter ndi a Hoyt Bascom, amene anasewerapo m'timu ya Ledbetter ali mnyamata. Bondo lawo lamanja ndi lachitsulo, ndipo mawu awo amatuluka ngati thirakitala yokana kulira m'nyengo yozizira.

"Zikho zitatu, Lurleen," ankatero a Hoyt akumenya tebulo. "Zi-ta-tu. Werenga zala, ngati mpeni wakusiyirako."

Mayi Lurleen sankatembenuka nkomwe, ankayankha akutembenuza mazira. "Zikho zitatu ndi mabondo angati, a Hoyt? Lanulo ndalimva muli kutsidya kwa msewu. Ndimayesa chitseko cha kuchimbudzi."

"Bondo ili ndi mendulo."

"Ndiye muzilipukuta, lachita dzimbiri."

"Trulock wakoyo ankaphunzitsa anyamata kupepesa asanagunde munthu. 'Pepani achimwene, ndikugwetsani pang'ono.'"

"Ndipo lero ndi madokotala. Mmodzi ndi amene anakuikani chitsulocho."

Ikafika pamenepa nkhani, mitu yonse inkatembenukira kumpando wakungodya, kumene a Ozell ankadya phala lawo lachimanga lothira batala. Iwo okha ndi amene anagwira ntchito pansi pa makochi onse awiri.

"Iwe Ozell, tauza anthuwa chilungamo," ankatero a Hoyt.

A Ozell ankapukuta pakamwa bwinobwino, nkupinda kapepala kanayi. "Ine ndimangojambula mizere."

Koma sankangojambula mizere. Panali ntchito ina imene tauni yonse inkaidziwa koma osaitchula.

Kuno munthu amakhala pampando umodzi wa m'bwalo zaka makumi asanu, dzuwa, mvula, Loweruka lililonse. Ndiye akamwalira nkuwotchedwa, mukuganiza phulusa lake angafune likakhale kuti? Koleji inaletsa, chifukwa phulusa la munthu limapha udzu. A Ozell anaziona okha chaka chawo chachisanu, pamene mayi wina wamasiye anazemba nkukhuthula mwamuna wake yense pafupi ndi mizati ya golo. Pasanathe sabata udzu unapsa, panatsala chigamba chofiirira chooneka ngati munthu wagona chafufumimba. Mayiyo analira, akuluakulu a koleji anakalipa, ndipo a Ozell anapita kunyumba kukabwereka sefa ya ufa ya mayi Vernice.

Kuyambira pamenepo zinkayenda chonchi. Wachibale ankabwera kukashedi ka zipangizo Lachinayi, tsiku lojambula, atanyamula chitini cha khofi. A Ozell ankatapamo supuni imodzi, kusefa, nkutakasira mu penti. Zotsala abale ankabwerera nazo. Munthu ankalowa mu mzere woyera, udzu osapsa, koleji osadziwa, aliyense wosangalala.

Funso linali limodzi: "Anali a ndani?"

Ankafunsa chifukwa anaphunzira movutikira. Tsiku lina anaika anthu awiri m'chidebe chimodzi, wina wa Ledbetter, wina wa Trulock. Asanamalize kutakasa pentiyo inadukaduka ngati mkaka wosasa, nkutseka paipi ya kangolo kopopera. Ndiye anagula zidebe zitatu. China cha a Ledbetter, amene ankapita ku mizere yakumpoto. China cha a Trulock, mizere yakumwera. Chachitatu chinali cha mzere wapakati, ndipo mmenemo simunkalowa aliyense.

Kunama kunalibe ntchito. Mayi wina anafuna kukhaulitsa malemu mwamuna wake, wa Ledbetter weniweni, nanena kuti anali wa Trulock. M'mawa mwake mzere umenewo unali utatuluka matuza kuyambira uku mpaka uko. A Ozell anachita kuupala ndi fosholo nkunyamula bamboyo pa wilibala kupita naye kumpoto, akupepesa njira yonse.

Chimene tauni sinkadziwa ndi ichi. M'mbali ziwiri za bwalo muli misomali yamkuwa yokhomedwa mu simenti, yosonyeza pakati penipeni. Lachinayi a Ozell ankamanga chingwe kuchokera pamsomali uwu kufika pa uwo, nkujambula mzere wapakati pansi pa chingwecho, ndendende. Lachisanu m'mawa akamanganso chingwe chija, ankapeza mzere wasuntha. Nthawi zina zala ziwiri, nthawi zina chikhatho chathunthu. Osati kufufutika kapena kuyenderera, ayi. Mzere wowongoka bwinobwino, wa m'mphepete mwakuthwa, koma uli pena. Udzu wa pansi pa chingwe uli biriwiri ngati sunalawepo penti.

Akaika munthu kumpoto, mzere unkasunthira kumwera. Akaika awiri kumwera, unkabwerera nkupitirira. Ndipo mbali zonse ziwiri za mzerewo udzu unkakhala wopondeka, mame atachoka m'timalo ting'onoting'ono totsatana, ngati pamene anthu ambiri akhomerera zala za kumapazi pansi kuti akankhe. M'mawa wina wa nkhungu, ataima pakati ndi chingwe chawo, anamva kupuma. Kwa anthu ambiri, kolemera, kochokera pansi pafupi ndi maondo, kuno ndi uko, monga amapumira anyamata akawerama moyang'anizana kudikira kuti mpira uyambe.

A Ozell anamaliza kumanga chingwe, anafufuta mzere, nkujambula wina pamalo pake oimbira mpira asanafike. Anachita zimenezi sabata iliyonse ya mpira kwa zaka zoposa makumi atatu. Anauza munthu mmodzi yekha, mkazi wawo.

Mayi Vernice anamvetsera akusita. "Amoyo akukangana kwa Lurleen, akufa akukangana pa udzu," anatero. "Ndiye munthu akapume kuti?"

Mayiwa ankachapa mayunifomu a Abulu. Anali wamfupi, mutu wawo sunkafika pachifuwa cha osewera, ndipo sankakweza mawu. Koma zimphona ziwiri zikagwirana pakhosi m'chipinda chovalira, iwo ankalowa ndi dengu lawo, kuliika pansi, kupinda manja, nkudikira. Kenako mawu amodzi okha, otsika: "Mwamaliza?" Ndipo anyamata olemera ngati ng'ombe ankasiyana, aliyense nkuyamba kufunafuna sokosi zake.

M'nyumba mwa a Maddox dzina la kochi silinkatchulidwa, ndipo chifukwa chake chinalipo. Mayi Vernice anali ndi mlongo wawo, Cleon, amene anasewera pansi pa Ledbetter. Ledbetter sankalola madzi pokonzekera mpira, ankati madzi ndi a akhanda. Masana ena a mu Ogasiti, dzuwa likuswa mtengo, Cleon anagwa. Sanafe. Anakhala zaka khumi ndi ziwiri pampando pakhonde, akufunsa aliyense wodutsa kuti masewero atha bwanji, masewero amene sanachitike nkomwe.

Koma Ledbetter yemweyo ndi amene anakatenga a Ozell kumakina ocheka matabwa atadukako zala ziwiri, aliyense akuti munthuyu watha ntchito. Anawapatsa chingwe ndi kangolo. Bambo awo a Ozell atamwalira, Ledbetter anabwera mvula ikugwa, anavula chipewa chija, nanyamula nawo bokosi. Pamene Trulock, munthu wabwino uja, kwa zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi ankawapatsa moni m'mawa uliwonse mwaulemu wonse: "Mwadzuka bwanji, a Oscar?" Ngakhale pakhadi la Khirisimasi ankalemba Oscar.

Choncho mtima wa a Ozell unali kumpoto, ndipo mayi Vernice ankadziwa. Wa mayi Vernice sukanapondako kumpoto, ndipo a Ozell ankadziwa. Zaka 38 anagona bedi limodzi osaikhudza nkhaniyo.

Mayi Vernice anamwalira mu Malichi chaka chatha. Kutatsala masiku awiri anawagwira a Ozell dzanja la zala zitatu lija.

"Bambo, mundiike pabwalo. Zaka makumi atatu ndachapa dothi la pamenepo, ndikaone kumene limachokera."

"Eee."

"Koma osati kwa munthu uja."

"Ayi."

"Ndipo mundiike pamene inu mudzabwere. Musandisiye pakati pa alendo."

Kumpoto mayi sangapite. Kumwera a Ozell sangapite, penti ikanawakana ngati bambo wa pa wilibala uja. Anangoti, "Tiona." Mayi Vernice anawayang'ana nthawi yaitali, natseka maso.

Phulusa analiika m'chitini cha shuga chamaluwa abuluu, pamwamba pa firiji. Nyengo ya mpira inayamba. Lachinayi lililonse ankalitsitsa chitinicho, kuchiyang'ana, nkuchibwezera.

Mu Okutobala a Gentry, mkulu wa zamasewero pakoleji, anawaitana kuofesi. A Gentry ndi munthu amene amamwetulira ndi mano onse ngakhale akukuuza kuti nyumba yako yapsa.

"A Ozell, nkhani zabwino ziwiri. Yoyamba, mukapume. Masewero otsiriza a pakhomo mu Novembala, tikupatsani ulemu pakati pa bwalo. Tagula kamakina kojambula mizere kokha. Kamamvera setilaiti, sikaphonya ngakhale tsitsi limodzi."

"Kamasefa?"

"Mwati bwanji?"

"Ayi."

"Yachiwiri, bwalo tikufuna kulipatsa dzina, la Ledbetter kapena la Trulock. Komiti yagawanika, anayi uku, anayi uku. Ndiye tati a Ozell anawaona onse awiri, atiuze."

"Ine ndimangojambula mizere."

"Kaganizeni," anatero a Gentry, mano onse pabwalo.

A Ozell anatuluka ali ndi nkhani imodzi yokha m'mutu, ndipo sinali ya komiti. Kwatsala Malachinayi atatu. Akadutsa amenewo makiyi a shedi apita, zidebe zipita, ndipo mayi Vernice akhala pamwamba pa firiji mpaka kalekale.

Lachinayi loyamba linadutsa. Lachiwiri linadutsa. Lotsiriza, analowa kwa mayi Lurleen atanyamula chitini chamaluwa, anachikhazika pampando woyang'anizana nawo, naitanitsa khofi makapu awiri.

Phokoso linazima. Mayi Lurleen anabweretsa makapuwo okha, ndipo m'kapu yachiwiri anathira shuga masupuni awiri osafunsa.

"Mwaswera bwanji, Vernice," anatero kwa chitinicho. Kenako anawerama kwa a Ozell. "Bwerani naye kumwera, bambo. Kuli amayi anga kumeneko, kuli anthu a kwaya. Sakasowa wocheza naye."

"Eee," anatero a Ozell, koma sanali kuvomera.

Atatuluka anamva chitsulo chikulira kumbuyo kwawo, kwii, kwii, msewu wonse mpaka kubwalo. A Hoyt.

"Ukunditsatiranji?"

"Msewu ndi wa boma. Ndiponso munthu wamwa khofi ndi chitini sitimusiya yekha."

M'shedi a Ozell anawauza zonse, za chingwe, za mzere, za kupuma kuja. Anali mawu ambiri kuposa amene anayankhula chaka chonsecho. A Hoyt anaseka mpaka kukhosomola.

"Ukutanthauza kuti Buford Sims, amene ali moyo sankatha kukankha ngakhale ngolo ya m'sitolo, pano akukankha mzere?"

"Pita ukaime pamenepo."

"Ndipite ndikaime?"

"Pakati. Yang'ana kumwera."

Anali masana, dzuwa lili phwee, mipando yonse ya m'bwalo ili mbee. A Hoyt anatsimphina mpaka pa mzere wakale wa sabata yatha, anaima, natambasula manja ngati wochita sewero. "Ndabwera, anyamata. Ndani ali ndi mpira?"

Kumwetulira kunachoka pang'onopang'ono. Malaya awo anaphwatalala pachifuwa ngati wina wawakanikiza ndi chikhatho, kunsana chimodzimodzi, koma mphepo kunalibe. Anayesa kusuntha phazi, bondo lachitsulo linangoti gwa. A Ozell anachita kuwakoka ndi lamba.

Anakhala pabenchi, a Hoyt akupukuta thukuta ndi chipewa.

"Pali wina amanunkha mafuta a tsitsi a Buford," anatero potsiriza, mawu atachepa. "Ozell, bwera naye kumpoto. Ndi anzanga amenewo, amusamala."

"Cleon," anatero a Ozell.

A Hoyt anayang'ana nsapato zawo.

"Tsiku lija ndinalipo," anatero. "Ndinali nditabisa kathaulo konyowa m'chipewa, ndinkayamwa kochi akatembenuka. Cleon anandiona. Anandiyang'ana basi, sanapemphe. Ndinaopa kuti ndikamupatsa kochi andiona. Zikho zitatu. Ndimazitchula tsiku lililonse kuti ndisamve zinazo."

"Ndiye Trulock anali wamkulu?"

"Usandipusitse, Trulock sankadziwa mpira. Ndikungoti kumpoto usamuike."

A Ozell anadzuka, analowa m'shedi, natuluka ndi chidebe chachitatu.

A Hoyt anaimirira, bondo kwii. "Iwe, wapenga? Ndangochokapo pamenepo. Ine ndine chimunthu, koma nthiti zimafuna kuthyoka. Vernice ndi kamunthu kakang'ono. Mbali iyi anthu makumi angati, mbali iyo makumi angati, onse akukankha, usana ndi usiku, osapuma. Ukufuna akhale pamenepo mpaka Yesu adzabwere?"

"Ndi pokhapo pamene tonse awiri tingakwane."

"Nanga akamuphwanya?"

A Ozell anaima ndi chidebe m'manja. Funso limenelo ndi limene linawasunga miyezi isanu ndi itatu akutsitsa chitini nkuchibwezera. Anatsegula chitini, anatapa supuni imodzi monga ankachitira ndi wina aliyense, naisefa ndi sefa ya mwini wake yemweyo. A Hoyt anawagwirira sefayo. Penti sinaduke. Inangokhala yoyera, yosalala.

Anajambula mizere yakumpoto, anajambula yakumwera, wapakati anausiya potsiriza. Atamanga chingwe nkuyamba kukankha kangolo, mbalame zimene zimakhala pamwamba pa magetsi a bwalo zinanyamuka zonse pamodzi. Kangolo kanalemera ngati akukwera nako phiri. Kupuma kuja kunayamba, dzuwa likuwala chonchi, kumanja ndi kumanzere, pafupi kwambiri moti ubweya wa m'miyendo unaima. A Ozell sanayang'ane kumbali. Maso pachingwe, phazi, phazi, phazi.

"Pepani mayi," ankanong'ona. "Ndachedwa. Pepani ngati ndalakwitsa."

Atafika pamsomali wa tsidya linalo anatseka paipi. Kupuma kuja kunali kukadalipo. Anatsuka zidebe, anakhoma shedi, napita kunyumba ndi chitini chawo. Zotsalazo anali atakonza kale kuti zikagone kumanda a tchalitchi, pambali pa Cleon.

Lachisanu dzuwa likutuluka anapeza a Hoyt ali kale pageti, atavala jekete la ku maliro.

"Sindinadziwe kuti tivale chiyani," anatero a Hoyt.

Nkhungu inali itagona pabwalo mpaka m'maondo. Anamanga chingwe, wina msomali uwu, wina uwo, nachikoka. A Ozell anagwada, nakupiza nkhungu ndi chipewa.

Mzere unali pansi pa chingwe. Ndendende. Koyamba m'zaka makumi atatu.

Anakwawa nawo mayadi angapo osakhulupirira. Udzu wa mbali zonse unali chilili, mame ali mbuu, osapondedwa ndi chala chimodzi. Bwalo lonse linali zii, moti ankamva galimoto ya mkaka ikudutsa kuseri kwa koleji.

"Ozell," anaitana a Hoyt. "Tabwera ndi tepi yako."

Anayeza kuchokera pakati kufika pamzere woyamba wakumpoto. Unayenera kukhala mayadi asanu. Unali mayadi asanu ndi chikhatho. Anayeza wakumwera. Mayadi asanu ndi chikhatho. Mizere yonse iwiri inali itabwerera m'mbuyo, uwu uku, uwo uko.

A Hoyt anayamba kuseka. Anapinda manja pachifuwa, anapendeketsa mutu, natsitsa mawu awo a thirakitala mpaka anafanana ndi a mayi Vernice. "Mwamaliza?"

A Ozell anakhala pansi pa udzu wonyowa, chipewa kumaso. Mapewa ankagwedezeka, ndipo a Hoyt sanafunse ngati kunali kuseka kapena kwina kuja.

Pobwerera ndi pamene anauona. Pakati penipeni pa mzere wapakati panali mpata. Penti inalekeza mwaukhondo ngati yadulidwa ndi lumo, nkuyambiranso patsogolo pang'ono, pakati pake udzu wobiriwira.

"Paipi inatsekeka," anatero a Ozell. "Zimachitika."

"Zinakuchitikirapo?"

"Ayi."

Anatenga burashi natseka mpatawo. Loweruka m'mawa, tsiku la masewero, unali utabwerera, pomwepo, kukula komweko. A Ozell anauyang'ana, anayang'ana uku ndi uku, kenako anakweza phazi lamanja naliika pamenepo. Nsapato yamadontho ija inalowa yonse. Chidendene chinagunda penti kumbuyo, chala chinagunda penti kutsogolo, osatsala malo ngakhale a udzu umodzi.

Anachotsa phazi msanga ndithu.

Masana amenewo anawapatsa ulemu wawo, gulu la malipenga likuimba, anthu zikwi ataimirira. A Gentry anawapatsa chikwangwani chagalasi, nawaika cholankhulira pakamwa. "Tiuzeni a Ozell, Ellaway yonse ikumvetsera. Ledbetter kapena Trulock?"

A Ozell anali ataima chapambali pang'ono, kusamala kuti asaponde pampata paja. "Wina ankadziwa dzina langa, wina ankadziwa kuti ana a eni amamva ludzu," anatero. "Funsani akomiti, ine ndamaliza."

Mbali zonse ziwiri zinawomba m'manja, iliyonse ikuganiza kuti yapambana. Komiti mpaka lero ikadali anayi uku, anayi uku, ndipo pageti palembedwabe kuti Bwalo la Koleji.

Kamakina kaja kanabwera. Kamaoneka ngati bokosi lozizitsira mowa lomera matayala, ndipo anthu anakatcha Oscar, sindikudziwa anayambitsa ndani. Kamajambula bwino, chilungamo chake. Koma Lachisanu lililonse pamzere wapakati pamapezeka mpata. Anabwera akatswiri a kampani, anakatsegula m'mimba, anasintha paipi, anati mwina setilaiti imaphethira ikafika pamenepo. Pano amangotuma munthu ndi burashi Loweruka m'mawa.

Sefa ndi supuni a Ozell anakazisiya kwa a Hoyt, pamodzi ndi kachitini ka penti ndi burashi yatsopano.

"Kamakina kamajambula zonse ndi thanki imodzi, usadzandithire mmenemo. Udzachite ndi dzanja. Phazi limodzi lokha, wauona malo ake."

"Nanga ndikatsogola ndine?"

"Kumpoto. Ndikudziwa."

A Hoyt anazunguza sefa ija m'manja. "Kumpoto kuli Buford ndi mafuta ake aja. Ndimati mwina, ngati pambali pa Vernice pangapezeke kamalo..."

"Mpata ndi umodzi, Hoyt."

"Ndimangofunsa."

Masiku ano a Ozell amadyabe phala lawo pampando wakungodya. A Hoyt amamenyabe tebulo ndi zikho zawo zitatu, mayi Lurleen amawayankhabe osatembenuka, kungoti a Hoyt akafika pa "zitatu" amatsitsa mawu pang'ono nkupempha madzi akumwa. Akamaliza kudya, a Ozell amayenda mizere yawo ija, ngodya ndi ngodya, mpaka kubwalo. Mlonda amawatsegulira. Amakaima pambali pa mpata, manja kumbuyo, nkuwauza mayi za nyengo ndi za amene wadwala kutchalitchi.

Sabata yatha kunagwa chisanu choyamba, bwalo lonse linayera ngati lathiridwa mchere. Atabwerako mayi Lurleen anawafunsa kuti kuli bwanji kumeneko.

"Kwazizira," anatero a Ozell, akuotha manja pakapu. "Koma pampata paja palibe chisanu. Ndinagwirapo. Pali mofunda, ngati mbali ya bedi imene munthu wakufunditsira."

Mayi Lurleen anaima ndi ketulo m'manja. A Hoyt anasiya kutafuna.

"Ndiye unawauza chiyani?" anafunsa a Hoyt.

A Ozell anapukuta pakamwa, napinda kapepala kanayi. "Ndinati tiona."